Nkhungu pa nyanja, fumbi kuthambo

Abale anga a ku Metangula ndi ku Cobué, mlendo akaona nkhungu itadzuka pakati pa nyanja amakuwa kuti boti likupsa. Msodzi amangoseka, pakuti adziwa kuti si utsi ayi, koma tizilombo touluka. Zotere zidawagwerapo akatswiri a zakuthambo.

Kumwambaku kuli kuwala kwakalekale kumene maso sangakuone. Kudanyamuka patapita zaka 380,000 thambo litayamba, ndipo kwayenda zaka pafupifupi 13.8 biliyoni. Adakutulukira ndi Arno Penzias ndi Robert Wilson a ku America, nalengeza mu 1965.

Kuwala kumayenda ngati mafunde. Dzuwa likanyezimira pamadzi, mafunde ake ambiri amagwedezeka chopingasa. N'chifukwa chake magalasi ena a dzuwa amachotsa kuthobwako, munthu n'kuona nsomba pansi. Kuwala kwakale kuja nakonso kuli ndi mbali imene kumagwedezekera, ndipo mbaliyo ingatiuze m'mene thambo lidayambira.

Kuyeza zimenezi si masewera. Chinyezi cha mumpweya chimasokoneza, choncho makina oonera kuthambo amawaika kouma: ku South Pole, kum'mwera kwenikweni kwa dziko, kapena pa phiri m'chipululu cha Atacama ku Chile, mamita oposa 5,000 m'mwamba. Tizipangizo tolandira kuwalako amatiziziritsa kupitirira madigiri 272 pansi pa ziro, kuti kufunda kwake kusaphimbe kakuwala kofookako.

M'mwezi wa Marichi 2014, akatswiri a makina otchedwa BICEP2 ku South Pole adalengeza kuti apeza chizindikiro cha kufutukuka kwadzidzidzi kwa thambo pachiyambi penipeni. Dziko lidawomba m'manja. Koma makinawo ankaona mafunde a mtundu umodzi wokha. Mu 2015, atayerekeza ndi zimene adayeza makina a m'mlengalenga otchedwa Planck, oona mitundu 9, adavomera kuti fumbi la mu Mlalang'amba wathu womwewu ndilo lidawanyenga. Idali nkhungu, osati moto!

Chiyambire pamenepo, makina atsopano amawapanga kuti aziona mafunde a mitundu ingapo, kuti fumbi lizidziwika padera. Chizindikiro chija chikufunidwabe.

Ine ndimawapatsa ulemu anthuwa chifukwa adavomera poyera kuti adafulumira. Nanga ife, tikamva mphekesera padoko, timayamba taonetsetsa? Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tionana sabata yamawa.