Chitsononkho si cha pamoto pokha

Tikatha kutong'ola chimanga, pakhomo pamatsala mulu wa zitsononkho. Zina timasonkhezera moto, zambiri zimakawolera kudzala. Ine ndikaona mulu umenewu mtima umandiwawa, chifukwa ku China zitsononkho zomwezi zimagulidwa ndi mafakitale.

M'chitsononkho muli mtundu wina wa shuga wotchedwa xylose. Akachiphika ndi nthunzi yotentha kwambiri pamodzi ndi asidi, shugayo amasanduka madzi onga mafuta otchedwa furfural, amene ndi kholo la makemikolo ena ambiri. Amapangira zomatira mchenga wa m'zikombole zoumbira zitsulo, amayeretseranso oyilo wa injini. Kampani ya Quaker Oats idayamba kupanga furfural m'ma 1920 ku Cedar Rapids, ku America, kuchokera ku mankhusu a oats amene ankangounjikana. Pafupi pompano, ku Sezela m'dziko la South Africa, Illovo, yomwe ija ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa, imatenga furfural ku zotsalira za nzimbe zikafinyidwa.

Koma njira yakaleyi ili ndi chilema. Asidi wake ndi sulfuric acid, amene amadya zitsulo za makina, ndipo madzi otsala akapanda kusamalidwa amapha za mumtsinje. Nchifukwa chake akatswiri akulimbana ndi zofulumizitsa zina, zimene iwo amati catalyst. Mayi aliyense wophika thobwa akuidziwa kale ntchito imeneyi: chimera chochepa chimasungunula phala lonse n'kulitsekemeretsa. Chimene akatswiri akufuna ndi chofulumizitsa cholimba, monga timiyala ta timabowo tosaoneka ndi maso totchedwa zeolite, choti ntchito ikatha uchisefe, uchitsuke, mawa chigwirenso. Sizinafike pake, poti timabowoto timatsekeka ndi zakuda zotsalira pophika, komabe kumeneko ndiye koyenera kulowera.

Potolera zotsalira za chimanga, mapesi okha asakhudzidwe. Amenewo ndi a nthaka, aphimbire munda. Ndikunena zitsononkho ndi makoko, zimene sizilanda munthu nsima.

Dziko lino lakhala likutcheza ethanol ku Dwangwa kuyambira 1982 n'kumamusakaniza ndi petulo, ndiye tisanamizane kuti za makemikolo n'zachilendo kwa ife. Inu aphunzitsi a chemistry ku MUST, ku MUBAS ndi ku UNIMA, m'patseni wophunzira mmodzi thumba la zitsononkho chaka chino, ayese kutulutsamo furfural popanda kuipitsa madzi.