ZA UMOYO WATHU: Bala la Mkati Silipola Msanga

Awerengi athu a ku Chiparamba ndi midzi yonse yozungulira Chipata, sabata ino tikambe za kutumbiza, makamaka kwa mai amene anabala mwa opaleshoni.

Pocita opaleshoni, dotolo amaceka pamimba ndi cibaliro comwe. Bala la kunja limauma pa masabata owerengeka, ndipo bambo akaona mkazi wake wayamba kusinja ndi kutunga madzi, amayesa kuti zonse zatha. Koma cipsera ca pa cibaliro sicioneka ndi maso, ndipo cimalimba pang'onopang'ono. Pathupi pena pakabwera msanga, cibaliro cingathe kung'ambika pa cipsera pomwepo pa nthawi yobala. Zikatero magazi amataikira mkati, ndipo moyo wa mai ndi wa mwana umakhala pa ngozi yaikulu.

M'caka ca 2005 akatswiri a bungwe la za umoyo la WHO analangiza kuti mai aliyense ayembekeze miyezi 24 atabala asanatenge pathupi pena. Kwa wa opaleshoni, langizo ili n'lofunika koposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanyengedwe kuti woyamwitsa satenga pathupi. Kuyamwitsa kumateteza pokhapo ngati mwana sanakwanitse miyezi 6, akudya bere lokha usana ndi usiku, ndipo mai sanayambenso kusamba. Njira zolera, monga nyeleti ya miyezi 3, Jadelle ya zaka 5 ndi lupu, zimaperekedwa kwaulere m'zipatala za Boma. Inu azibambo, perekezani akazi anu mukamve nokha malangizo a anamwino.

Nanga ngati pathupi pakhala kale? Musabise cifukwa ca manyazi. Yambani sikelo msanga ndipo uzani anamwino za opaleshoni ija. Zipatala zazing'ono za kumidzi sizicita opaleshoni, motero konzekerani kukabalira kumene kuli madotolo, monga ku Chipata Central Hospital kapena ku Mwami. Sungani ndalama ya ulendo, ndipo nyamukani masiku asanakwane, makamaka m'dzinja pamene miseu imabvuta. Dotolo ndiye adzaweruza ngati mungabale nokha kapena mwa opaleshoni yina.

Apongozi ndi anamkungwi, tikupemphani: mai wotere musam'patse mankhwala a zitsamba ofulumiza kubala, pakuti angang'ambitse cibaliro. Akamva kupweteka pa cipsera, akaona magazi, kapena mwana akaleka kugunda m'mimba, thamangani naye kucipatala tsiku lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.