Za Munthu Amene Anaoloka Nyanja ndi Mikono

Abale athu a ku Chitedze, Namitete, Nsaru ndi midzi yonse ya kuno, mwezi uno tifuna kukusimbirani mbiri ya katswiri wa kusambira mitunda yaitali, dzina lace Lewis Pugh. Ife a kumtunda nyanja tiimva kwa apaulendo okha, koma m'nkhani yace muli mau otiyenera ifenso.

Munthuyu anabadwa ku England m'caka ca 1969, nakulira ku South Africa. Anayamba kuphunzira bwino kusambira ali ndi zaka 17. Motero tisanene kuti luso liri la iwo okha oyamba ali makanda. Kasambiridwe ka mitunda yaitali ndi aka: munthu agona cafufumimba pamadzi, naponya mikono mosinthana, napuma potembenuzira nkhope kumbali, bwato la anzace lirikumperekeza.

M'caka ca 1992 iye ndi mnzace Otto Thaning anaoloka Nyanja ya Malawi pakati pa Senga Bay, kufupi ndi Salima, ndi tsidya lija. Mtundawo uli makilomita 25, ndiko kuposa ulendo wocokera pa Chitedze kufika m'tauni ya Lilongwe, ndipo anakhala m'madzi pafupifupi maora 10. M'caka ca 2007 anasambira kilomita imodzi ku North Pole, kumapeto a dziko kumpoto, m'madzi ozizira ngati matalala. M'caka ca 2018 anatsata gombe la kumwera kwa England, makilomita oposa 500 m'masiku 49.

Koma cimene tifuna kuti mucisunge cinacitika m'caka ca 2010. Anakwera kumapiri a Himalaya, kufupi ndi Everest, phiri lalitali koposa onse, kukasambira m'thamanda la pamwamba pomwe, kumene mpweya ucepa. Poyesa koyamba analowa ndi ukali monga anazolowera, nathamangitsa mikono. Mpweya unamthera, namwa madzi, natsala pang'ono kumira. Anatsika kukapumula. Pobwerera anasiya liwiro, nasambira pang'onopang'ono, mutu uli pamwamba, natsiriza kilomita yace. Anaona yekha cimene makolo ananena, kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono ngati munthu wotere, amene anaoloka nyanja yathu, anacepa pamaso pa thamanda, nanga mnyamata wa kwathu amene adzitama pa mtsinje wa Namitete kapena wa Bua utadzala? Madzi osefukira sadziwa mphamvu ya munthu. Amgwetsa poyamba kumiyendo, ndipo pansi pace pabisala zitsa ndi maenje zimene maso saona.

Cifukwa cace tikupemphani, atate ndi amai, zinthu zitatu. Coyamba, phunzitsani ana kusambira m'cilimwe, pa madzi osaya, wamkulu ali pomwepo. Caciwiri, mwana asapite yekha kudamu kapena kudambo, pakuti ngakhale akatswiri sasambira opanda bwato pambali. Cacitatu, mtsinje ukadzala m'dzinja, khalani pagombe kufikira utaphwa, ngakhale msika ukuthereni, ngakhale ana acedwe kusukulu. Wina akagwa m'madzi, mponyereni cingwe, nsungwi kapena cigubu copanda kanthu cotsekedwa bwino. Musadziponyemo inu osadziwa kusambira, kuti maliro angakhale awiri.

Werengerani mau awa iwo osadziwa kuwerenga, makamaka abusa a ng'ombe, pakuti ndiwo aoloka mitsinje tsiku ndi tsiku. Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.