Seva ndi yaulere, koma disiki imafuna kudekha

Lachitatu lina mu Okutobala, dzuwa la kuno kwa Katunga litafika poti ngakhale mbuzi zabisala pansi pa nkhokwe, foni yanga inalira. Anali msuweni wanga amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kupanga fotokope pa Dyeratu.

"Asuweni, seva yanu ija yakana kudzuka. Anthu ali pamzere, akufuna masatifiketi awo. Tsiku lomaliza kupereka makalata ofunsira ntchito ndi mawa."

Akuti "yanu ija" chifukwa ndine ndinaiika. Tinatenga kompyuta yakale n'kuikamo Ubuntu Server kuti izisunga makalata, zithunzi ndi masatifiketi a MSCE amene makasitomala amasiya. Sitinalipire tambala. Dzina lakelo ndi umunthu womwewu timaudziwa, ndipo anaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Koma paja walira mvula walira matope.

Matope oyamba anabwera patangopita miyezi iwiri. Disiki ya 1TB inayamba kunena kuti yadzaza pa 100GB pokha. Msuweni anaganiza kuti anamugulitsa disiki yachinyengo. Ayi ndithu. Poika Ubuntu Server, mukasankha LVM pa disiki yaikulu, imangotenga gawo lina n'kusiya malo enawo opanda ntchito kuti mudzawagawe nokha mtsogolo. Zinalembedwa poyera pa sikirini, koma ine ndinkangodina Enter ngati wothamangira minibasi yomaliza. Mankhwala ake ndi malamulo awiri basi: lvextend kukulitsa gawolo, kenako resize2fs kuti mafayilo aone malo atsopanowo.

Za Lachitatu lija zinali zina. Nditawonjezera disiki yachiwiri, ndinailemba mu fayilo ya /etc/fstab ndi dzina loti sdb1. Maina amenewa sakhazikika. Linux imawapereka potsata disiki imene yaiona poyamba ikamayaka. Tsikulo magetsi anathima flash ya kasitomala ili chibayire, ndipo atayaka, maina anasinthana. Seva inafunafuna disiki yake pamalo akale, osaipeza, n'kuima pa emergency mode. Sikirini yakuda, mawu achingerezi, mzere panja ukukula.

Ndinakwera kabaza, thukuta kamukamu. Ndinalemba blkid, ndinakopera UUID, nambala yaitali imene gawo la disiki limakhala nayo kulikonse mungalibaye, n'kuiika m'malo mwa sdb1. Ndinawonjezeranso mawu oti nofail, kuti disikiyo ikadzasowa tsiku lina, seva izidzuka ndithu. Mphindi 15 zokha, masatifiketi onse anabwerera. Mtsikana wina amene anali kutsogolo kwa mzere anangoti, "Zikomo achimwene," koma nkhope yake inandiuza kuti akanataya chaka chathunthu chifukwa cha ulesi wanga wa mphindi zisanu.

Anzanga ambiri amakangana kuti yolimba ndi iti: Debian, Ubuntu kapena Rocky Linux. Funso labwino n'lakuti idzasamalidwa mpaka liti. Amene ankadalira CentOS 8 anauzidwa mu Disembala 2020 kuti chisamaliro chake chitha kumapeto kwa 2021, ndipo n'chifukwa chake Rocky Linux ndi AlmaLinux zinabadwa. Ubuntu ya LTS imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo imalandira zokonza zaulere kwa zaka 5. Debian ilipo kuyambira 1993. Zonsezi zimatha kuyenda miyezi osadandaula. Zimene zimagwetsa seva kuno ku chigwa ndi kutentha, fumbi, kuthimathima kwa magetsi, ndi ife oziika.

Tonse tikukumbuka Januwale 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira konkuno ku Chikwawa. Magetsi akazima disiki ili mkati molemba, fayiloyo ikhoza kuwonongeka. Ndiye musanagule disiki ina, gulani UPS, ngakhale yaing'ono yongokupatsani mpata wozimitsa bwino. Kompyutayo muiike pokwera, podutsa mphepo, osati pansi pamene madzi osefukira amayambira.

Ndipo wina asakunamizeni kuti RAID 1 ndi backup. Imangolemba zofanana pa madisiki awiri. Mukafufuta fayilo molakwitsa, yafufutika konsekonse, ndipo madzi akalowa m'shopu amatenga onse awiri. Kopi yeniyeni ndi imene ikugona nyumba ina.

Tsopano Lachisanu lililonse msuweni amakopera zonse pa disiki ya m'thumba n'kupita nayo kunyumba. Kamodzi pa mwezi timazimitsa seva dala, flash ili chibayire, kuti tione ngati idzuke yokha. Inunso yesani yanu lero, pasanakhale mzere pakhomo.