Mtengo wa bandulo umayambira mumlengalenga

Munthu wofuna kugula bandulo masiku ano amayamba wakhala kaye pansi n'kuwerengera. Gigabayiti imodzi kuno akugulitsa zingati, nanga uko? Itha pakapita tsiku, sabata kapena mwezi? Ndi ya pa WhatsApp pokha kapena igwira ntchito paliponse? Ambiri a ife tikuyenda ndi masimukhadi awiri m'foni imodzi, ya Airtel ndi ya TNM, ndipo timasinthasintha potengera komwe zinthu zatchipako sabata imeneyo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani ya foni Mmalawi anadzionera yekha kuti wodalira phanga limodzi ndiye amanyowa. Netiweki imodzi ikathawa, inayo imamupulumutsa.

Kuwerengera kumeneku n'kwanzeru ndipo tisakusiye. Vuto lake n'lakuti timathera pakati pa njira. Timafananitsa mitengo yolembedwa pa zikwangwani, osafunsa chimene chimachititsa kuti kampani ithe kugulitsa data motchipa, kapena kuti netiweki yake ifike ku Nthalire ndi ku Makanjira osangothera m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe. Chinthu chimenecho ndi mafunde a mumlengalenga, omwe akatswiri amawatchula kuti spectrum. Ndani ali ndi mafunde ati? Ngochuluka bwanji? Anawapeza pa mtengo wanji, ndipo analonjeza kuchita nawo chiyani? Mayankho a mafunso amenewa amalowa mu mtengo wa bandulo iliyonse imene timagula.

Foni ya m'manja ilibe chingwe. Mawu athu, zithunzi ndi ndalama zimene timatumizirana pa Mpamba kapena Airtel Money zimayenda pa mafunde kuchoka pa foni kukafika pa nsanja yapafupi. Mafundewa ali ndi malire. Nyumba zoulutsira mawu, wailesi zakanema, ndege, apolisi ndi asilikali, aliyense ali ndi gawo lake, ndipo makampani awiri sangagwiritse ntchito gawo limodzi pamalo amodzi popanda kusokonezana. Zili ngati madimba a m'mbali mwa mtsinje. Malo ndi omwewo, sawonjezekera, ndipo wopatsidwa dimba lalikulu pafupi ndi madzi amakolola zambiri pa thukuta lochepa kusiyana ndi mnzake amene anagwera kamalo kakumtunda. Kuno kwathu wogawa ndi bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 ndipo pano likuyendera lamulo la mu 2016. Koma mafundewo si a MACRA ndipo si a kampani iliyonse. Ndi chuma cha dziko, chomwe kampani imangobwereka kwa zaka zolembedwa pa chiphaso.

Mafunde onse si ofanana mphamvu. Otsika, monga a 700, 800 ndi 900 MHz, amayenda mtunda wautali ndipo amaboola makoma mosavuta, choncho nsanja imodzi imatha kutumikira midzi yambiri. Okwera, monga a 1800, 2100, 2600 ndi 3500 MHz, amanyamula data yochuluka koma safika patali. Amenewa ngoyenera m'tauni, momwe anthu ali thithithi pamalo amodzi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi amakhala kumudzi. Ndiye kuti kwa dziko ngati lathu mafunde otsikawa ndiwo amtengo wapatali kuposa onse. Pamene maiko anagwirizana kudzera ku bungwe la ITU kuti pofika pa 17 June 2015 wailesi zakanema zikhale zitasamukira ku njira ya dijito, nkhani sinali ya zithunzi zowala zokha. Kusamukako kunali komasula mafunde a 700 ndi 800 MHz kuti anyamule intaneti ya pa foni. Ife tinasangalalira kanema wa dijito wa Kiliye Kiliye, koma ndi angati amene anafunsa za malo amene anatsala opanda mwini mumlengalenga?

Kuchuluka kwa mafunde nakonso n'kofunika. Kampani yokhala ndi mafunde ochepa, makasitomala akachuluka, imatsala ndi njira ziwiri. Ikhoza kumanga nsanja zambiri moyandikana, zomwe zimadya ndalama zankhaninkhani, kapena ikhoza kusunga mitengo pamwamba kuti anthu asaunjikane pa netiweki. Njira zonse ziwirizi zimathera m'thumba mwa wogula. Intaneti ikamakwawa madzulo pamene aliyense waweruka n'kugwira foni, nthawi zambiri chimakhala chizindikiro chakuti anthu achuluka kuposa zimene mafunde a pa nsanja imeneyo anganyamule.

Abale athu okhala ku Joni akuidziwa bwino nkhaniyi. Ku South Africa anthu anayamba kufuula za Data Must Fall mu 2016. Makampani ankayankha kuti boma lakhala zaka zoposa khumi osawagawira mafunde atsopano, ndipo pamenepo ankanena zoona. Koma bungwe loona za mpikisano pa malonda la dzikolo litafufuza, linanena mu December 2019 kuti mitengo ya Vodacom ndi MTN inali yokwera mopyola muyezo, komanso kuti osauka, omwe amagula timabandulo ting'onoting'ono, ndiwo ankalipira zambiri pa megabayiti iliyonse kuposa olemera. Mu April 2020 Vodacom inatsitsa gigabayiti ya pamwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99. Mafundewo anadzagulitsidwa pa okushoni mu March 2022, ndipo boma linapeza ndalama zoposa R14 biliyoni. Taonani dongosolo lake: mtengo unatsika mafunde asanabwere, chifukwa panali wina amene anatsegula mabuku n'kufunsa mafunso. Kuchepa kwa mafunde ndi vuto lenileni, koma kumathanso kukhala pobisalira.

Pogawa mafunde pali maenje awiri, ndipo maiko akuluakulu anagweramo kale. Dzenje loyamba ndi kugulitsa modula kwambiri. Mu 2000 dziko la Britain linapeza mapaundi 22.5 biliyoni pogulitsa ziphaso zisanu za 3G. Boma linakondwa, koma makampani anatsala ndi ngongole zolemera, ndipo 3G yeniyeniyo inadzayamba kufika kwa anthu mu 2003. Dzenje lachiwiri ndi kugawa mwachinsinsi. Ku India khothi lalikulu linafafaniza ziphaso 122 mu February 2012 chifukwa cha momwe zinagawidwira mu 2008. Dziko lomwelo linadzaonetsanso mbali ina. Kampani ya Reliance Jio itayamba mu September 2016, ili ndi mafunde okwanira a 4G m'dziko lonse, mitengo ya data inagwa mpaka India inakhala m'gulu la maiko otchipa kwambiri padziko lapansi. Imodzi mwa makampani amene anakakamizika kutsitsa mitengo inali Bharti Airtel, kholo la Airtel yathu yomweyi. Kampani ndi yomweyo, koma khalidwe lake pa msika limatengera amene ikupikisana naye.

Apa ndi pamene nkhani yathu imandiwawa. TNM inayamba mu 1995. Celtel inabwera mu 1999, n'kudzasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Kuchokera nthawi imeneyo msika wa foni za m'manja wakhala m'manja mwa awiriwa. Ziphaso zinaperekedwapo kwa ena, monga G-Mobile ndi Celcom, koma anthu sanaimbepo foni pa netiweki zawo. Kampani yatsopano singapikisane ndi akuluakulu awiri ngati ilibe mafunde otsika ofikira kumudzi, ngakhale itakhala ndi chiphaso chokongola bwanji. Komanso mafunde akapatsidwa kwa wina amene sakumanga kanthu, amangokhala osagwira ntchito pamene anthu akukwera pachulu kufunafuna netiweki. Mu 2020 Amalawi nawo anafuula kuti data itsike, ndipo makampani onse awiri anatsitsa mtengo wa data yogwiritsa ntchito popanda bandulo. Zinathandiza, koma kufuula kumatsitsa mtengo kamodzi kokha. Mpikisano ndi umene umausunga pansi chaka ndi chaka.

Kunena chilungamo, si zonse zimene zili m'manja mwa makampani. Zipangizo za pa nsanja amagula ndi madola, ndipo kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Magetsi akazima, nsanja zimayendera majenereta a dizilo, ndipo dizilo naye amasowa. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti imadutsa kaye m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique, ndipo paliponse pamene yadutsa pamakhala cholipira. Boma nalonso lili ndi dzanja m'thumba lomwelo, poti mu 2015 linaika msonkho wa 10 peresenti pa data ndi mauthenga a pa foni, kuwonjezera pa VAT. Boma silingamauze makampani kuti atsitse mitengo kwinaku likuona foni ya mlimi ngati chinthu chamanyado choyenera msonkho wapadera. Pa foni imeneyo ndi pomwe mlimi amamvera mtengo wa soya, amalandirira ndalama kwa mwana wake wa ku Cape Town, ndiponso amaitanira galimoto mayi akadwala usiku.

Zimene ndikupempha si zovuta. MACRA iziuza anthu chaka chilichonse, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, pa wailesi ndi m'nyuzipepala, kuti kampani iliyonse ili ndi mafunde ati, chiphaso chake chitha liti, imalipira zingati, ndiponso inalonjeza kufika madera ati. Mafunde otsika aziperekedwa ndi pangano lolemba maboma ndi madera a mafumu amene ayenera kulandira netiweki pofika chaka chakutichakuti, ndipo wolephera azibweza. Gawo lina lisungidwe kuti kampani yachitatu yokhala ndi ndalama zenizeni zomangira ipeze poyambira, ndipo iloledwe kubwereka malo pa nsanja zimene zilipo kale pa mtengo wachilungamo. Thumba la Universal Service Fund, lomwe lamulo la mu 2016 linakhazikitsa kuti lifikitse mauthenga kumadera osiyidwa, lizionetsa poyera nsanja zimene lamanga ndi malo ake. Aphungu athu azifunsa zimenezi m'Nyumba ya Malamulo monga momwe amafunsira za migodi ndi nkhalango, chifukwa chumachi n'chamtundu womwewo.

TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023, chaka chomwenso intaneti ya Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno. Zimenezi n'zabwino, koma tisachite nazo chidwi mpaka kuiwala mwana wa sukulu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene ngakhale 3G sakuipeza. Chitukuko cha mafoni tizichiyeza poona munthu wa kutali kwambiri ndi nsanja, osati wokhala pansi pake.

Inu owerenga, mukamagula bandulo sabata ino chitani zinthu zitatu. Gawani mtengo ndi kuchuluka kwa mamegabayiti kuti muone ngati kabandulo ka tsiku limodzi sikakukudyerani zambiri kuposa ya pamwezi. Yesani netiweki pamalo pomwe mumagona ndi pomwe mumagwira ntchito, chifukwa data yotchipa imene yatha nthawi musanaigwiritse ntchito ndi ndalama yotayika. Ndipo phungu wanu akadzabwera kudzachititsa msonkhano, mudzamufunse kuti mafunde a dera lanu anapatsidwa kwa yani, ndipo mwini chiphasoyo analonjeza kufika liti. Muli ndi ufulu wofunsa, chifukwa mafundewo ndi anu.