Supa Team 4 ibwere m'buku la Chinyanja

Eni ake a Star Wars sasiya nkhani yawo mufilimu mokha. Amapatsa olemba ntchito, kuwauza malire a nkhani, ndipo mabuku amatuluka chaka ndi chaka. Heir to the Empire, buku la Timothy Zahn, linatuluka mu 1991, koma mpaka lero anthu akuligula.

Nafenso tili nayo yathu. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, nkhani ya atsikana anayi oteteza Lusaka wam'tsogolo. Nanga mwana wa ku Kanakantapa kapena ku Chalimbana aionera pati? Bandulo ndi yodula, malaiti amangopitapita. Wa ku London akuonera Lusaka wathu, ife oyandikana naye tikungomva mphekesera.

Buku silifuna kutchaja. Limodzi lokha limazungulira kalasi yonse, ndipo ife apawailesi tingaliwerenge madzulo, midzi yonse nkumva.

Inu a ZEPH ndi osindikiza ena, pitani kwa eni nkhaniyi, mukapemphe chilolezo, muitane olemba Chinyanja. Musatiuze kuti ana athu sakonda kuwerenga musanawapatse buku lowakoka mtima.