Tisathamangile kugula graphics card

Laputopu ikayamba kucedwa pojambula mapu a mvula mu QGIS, ambili a ife timaganiza za graphics card. Apa timalakwitsa. Mapu wamba na magilafu a Matplotlib amajambulidwa na CPU, osati card.

Coyamba titsegule Task Manager pamene pulogalamu ikugwila nchito. RAM ikadzala, kompyuta imayamba kusungila zotsala pa disiki, ndiye cifukwa cake imacedwa. Zikatelo tiwonjezele RAM kucoka pa 4GB kufika pa 8GB kapena 16GB. Ngati hard disk ndiyo ili pa 100%, tigule SSD.

Graphics card imathandiza pa zithunzi za 3D, monga mu ParaView, ndipo m'malaputopu ambili siisinthika. Ndalama zathu n'zocepa, anzanga. Tiyambe taona pamene pali vuto tisanapite ku shopu.